Buku la Makatuni Lopanda Bwana

M'chaka cha 1938 anyamata awiri a mumzinda wa Cleveland ku America, Jerry Siegel ndi Joe Shuster, adalandira cheke cha madola 130 kuchokera ku kampani ya ku New York yosindikiza mabuku a makatuni. Ndalamazo zidali za masamba 13 a nkhani ya Superman, koma pepala limene adasainira lidapereka zonse: dzina, maonekedwe, ndi phindu lililonse limene munthu wopekayo akadadzabweretsa. Kampaniyo, imene lero ikutchedwa DC Comics, idakolola mamiliyoni. Eni nkhaniyo adakalamba ali osauka, Shuster maso atafooka, mpaka mu 1975 pamene ojambula anzawo adachita phokoso m'manyuzipepala, kampani n'kuvomera kumawapatsa madola 20,000 pachaka aliyense ndi kubwezera maina awo pa mabuku.

Ojambula makatuni a ku America adakula akumva nkhani imeneyi, ndipo ambiri adalumbira kuti zisadzawachitikire. Koma ukakana kugulitsa umwini, buku lako lifika bwanji kwa wowerenga? Pepala ndi inki zimapezeka, wosindikiza naye amapezeka bola ndalama. Chimene chavutitsa anthuwa zaka zonsezi ndi njira yochokera pa makina osindikizira kukafika m'manja mwa wogula, ndi yemwe akuilamulira.

Poyamba njira idali imodzi. Mabuku a makatuni ankagulitsidwa pamodzi ndi nyuzipepala m'timaokala ndi m'magolosale, ndipo otsala ankang'ambidwa chikuto n'kubweza chikutocho kwa wosindikiza kuti achotsere pa ngongole. Kampani inkayenera kusindikiza makope ochuluka ikudziwa kuti ambiri adzatayidwa, ndipo munthu wopanda mpamba waukulu sakadayerekeza. Mu 1954 chitseko chidatsekedwanso kachiwiri. Dokotala wa matenda a maganizo, Fredric Wertham, adatulutsa buku lonena kuti makatuni akuononga ana, aphungu a nyumba ya malamulo adaitanitsa osindikiza kudzawafunsa, ndipo makampani, poopa lamulo la boma, adakhazikitsa bungwe lawolawo la Comics Code Authority. Buku lopanda chidindo cha bungweli ogawa malonda ambiri ankalikana. Kampani ya EC Comics idasiya mabuku ake onse a nkhani zoopsa, n'kupulumutsa MAD yekha pomusandutsa magazini mu 1955.

Amene adabowola mpandawu sadapemphe chilolezo kwa munthu. Mu February 1968 Robert Crumb ndi mkazi wake adatenga makope a Zap Comix, n'kuwaika m'kangolo koyendetsera mwana, n'kumagulitsa mumsewu wa Haight ku San Francisco. Posakhalitsa mabuku otere adapeza msika m'masitolo a achinyamata osagwirizana ndi nkhondo ya ku Vietnam, momwe munkagulitsidwa mapositala ndi zipangizo zosutira chamba. Timakampani monga Print Mint, Rip Off Press ndi Last Gasp tinkasindikiza, koma wojambula ankakhalabe mwini wa ntchito yake ndipo ankalandira gawo pa kope lililonse logulidwa. Ichi chidali chachilendo kwambiri. Kunena zoona, zambiri za m'mabukuwo zidali zolaula ndi zonyoza akazi, ndipo akazi ojambula monga Trina Robbins adayankha potulutsa mabuku awoawo, kuphatikizapo Wimmen's Comix mu 1972. Chaka chotsatira khoti lalikulu la dzikolo lidagamula kuti dera lililonse lizidziweruzira lokha chimene chili cholaula. Eni masitolo adachita mantha, ndipo msikawo udafota.

Kusintha kwenikweni kudachokera kwa munthu amene sankajambula n'komwe. Phil Seuling adali mphunzitsi wa Chingerezi pa sekondale ina ku Brooklyn, wokonda makatuni, wokonza misonkhano ya okonda mabukuwa ku New York. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970 adauza makampani kuti azimugulitsa mabuku pa mtengo wotsika kwambiri, iye n'kumapikulitsa kwa masitolo ogulitsa makatuni okhaokha, ndipo palibe kope limene lidzabwezedwe. Mwini sitolo adasanduka ngati mayi wopikula tomato: zikatsala ndi zake, zikaola ndi zake. Kwa wosindikiza wamng'ono, apa ndi pamene padagona moyo. Masitolo ankaoda buku lisadasindikizidwe, choncho munthu ankadziwa kuti asindikize makope angati, ndalama zibwera zingati, asadapereke kobiri kwa wosindikiza. Makope zikwi ziwiri kapena zitatu, amene pa msika wakale akadangomira, tsopano ankatha kudzilipira okha.

Ojambula sadachedwe. Mu 1976 Harvey Pekar, kalaliki wosunga mafailo pa chipatala cha asilikali opuma ku Cleveland, adayamba kusindikiza American Splendor ndi ndalama za m'thumba mwake. Iye sankatha kujambula, ankalemba za moyo wake wa tsiku ndi tsiku n'kupatsa anzake, Crumb ali mmodzi wa iwo, kuti ajambule, ndipo ntchito ya ukalaliki sadaisiye mpaka 2001. Mu December 1977 Dave Sim wa ku Kitchener ku Canada adayamba Cerebus, pambuyo pake nalonjeza kuti adzafika pa buku la nambala 300, ndipo adafikadi mu March 2004. Mu 1978 Wendy ndi Richard Pini adatulutsa Elfquest, imene idakoka atsikana ambiri kulowa m'masitolo amene kale ankadzaza anyamata okhaokha. Mu 1981 abale a banja la Hernandez ku California adadzisindikizira Love and Rockets, n'kutumiza kope kwa a kampani ya Fantagraphics kuti alembepo ndemanga, iwo n'kupempha kuti azilisindikiza.

Nkhani imene anthu adapenga nayo ndi ya akamba anayi. Kevin Eastman ndi Peter Laird ankakhala m'nyumba imodzi ku Dover, New Hampshire. Ndi ndalama za msonkho zimene boma lidabwezera Eastman, kuphatikiza ngongole ya kwa amalume ake, adasindikiza makope pafupifupi 3,000 a Teenage Mutant Ninja Turtles mu May 1984, opanda utoto, akuda ndi oyera basi. Chimene ambiri amaiwala ndi mmene adalitsatsira. Adagula malo otsatsira mu Comics Buyer's Guide, nyuzipepala imene eni masitolo ankawerenga. Laird, amene adagwirapo ntchito ndi manyuzipepala, adakonza kakalata kofotokoza za bukulo ndi zithunzi zake n'kutumiza kwa atolankhani, ndipo bungwe lofalitsa nkhani la UPI litailemba, nkhaniyo idatuluka m'manyuzipepala a dziko lonse. Makope adatha, adasindikizanso, kenaka kudabwera makatuni a pa wailesi ya kanema mu 1987, zidole, ndi filimu mu 1990. Popeza sadagulitse umwini pachiyambi, Laird adadzagulitsa akambawo kwa Nickelodeon mu 2009 pa mtengo wa madola pafupifupi 60 miliyoni. Siegel ndi Shuster mwayi wotere sadaupatsidwe.

Komabe akambawo adasiya mabala. Mu 1986 aliyense wodziwa kugwira cholembera adatulutsa buku la nyama zomenyana, eni masitolo n'kumaoda mwaumbombo poganiza kuti lililonse lidzakwera mtengo. Pofika 1987 mabokosi adali atadzaza m'masitolo, osagulika komanso osabwezeka. Masitolo ndi timakampani tambiri tidatseka, ndipo otsala adayamba kukayikira buku lililonse lopanda dzina lodziwika.

Nthawi yomweyo kudaonekeranso kuti wogawa malonda angathe kukhala bwana watsopano. Sim atasonkhanitsa nkhani zake kukhala buku lalikulu n'kumaligulitsa yekha pa positi, kampani yogawa ya Diamond idakwiya n'kusiya kutenga buku lina, la anthu ena, limene iye ankasindikiza. Mkanganowu udathandiza kusonkhanitsa ojambula ku Northampton mu 1988, kumene adagwirizana za chikalata cha ufulu wa ojambula chimene Scott McCloud adalemba. Mu 1992 ojambula asanu ndi awiri otchuka a ku kampani ya Marvel, pakati pawo Todd McFarlane ndi Jim Lee, adachoka limodzi n'kuyambitsa Image Comics, pa mfundo yoti kampani isakhale mwini wa nkhani ya munthu aliyense. Chaka chomwecho Laird adakhazikitsa Xeric Foundation, imene kwa zaka 20 idapereka ndalama kwa achinyamata ofuna kudzisindikizira buku loyamba. Mwa onse amene adalemera ndi makatuni, ndi ochepa amene adakumbukira otsala m'mbuyo monga adachitira iyeyu.

Kenaka njira idapanikizika. Kumapeto kwa 1994 Marvel idagula kampani yogawa ya Heroes World kuti izidzigawira yokha mabuku ake. Makampani ena akuluakulu adathamangira kusainirana ndi Diamond, ogawa ena adasowa katundu n'kugwa, Capital City idagulidwa ndi Diamond mu 1996, ndipo Heroes World itatseka mu 1997 padatsala chipata chimodzi. Buku limene silidalowe m'kabukhu ka Diamond kotchedwa Previews, masitolo sankaliona. Lolowamo linkapatsidwa kamalo kakang'ono kumasamba akumapeto, ndipo maoda akachepa linkachotsedwa.

Jeff Smith wa ku Columbus, Ohio, amene adayamba Bone mu 1991, adapulumuka poyang'ana kunja kwa chipatacho. Ankayenda m'misonkhano ndi m'masitolo kukakumana ndi owerenga maso ndi maso, mkazi wake Vijaya Iyer akuyendetsa za malonda, ndipo ankasonkhanitsa nkhani zake m'mabuku okhala ndi msana, oti angaikidwe m'laibulale. Mu 2005 kampani ya mabuku a ana ya Scholastic idayamba kulisindikiza ndi utoto, likufika m'masukulu, umwini ukadali wa Smith. Misonkhano ya osindikiza ang'onoang'ono, monga Small Press Expo ya ku Maryland imene idayamba mu 1994, idakhala msika paokha: tebulo, mpando, mulu wa mabuku, ndi wojambula akusainira wogula aliyense. Ku Japan zotere zidayamba kale. Comiket ya ku Tokyo idayamba mu 1975 ndi magulu 32 ndi anthu pafupifupi 700, ndipo ya December 2019 idalandira anthu 750,000 m'masiku anayi.

Intaneti idachotsa mtengo wa pepala, koma siidabweretse malipiro. Ojambula ankaika masamba aulere, n'kudikira zaka kuti owerenga achuluke, kenaka n'kuwagulitsa buku kapena malaya. Kickstarter, imene idayamba mu 2009, idabwezeretsa nzeru ya Seuling mwa njira ina: owerenga eni ake amalipiriratu buku lisadasindikizidwe, ndipo ndalama zikapanda kukwana, palibe amene amalipira. Mu 2012 Rich Burlew adapempha thandizo losindikizanso mabuku a The Order of the Stick ndipo adalandira madola opitirira 1.2 miliyoni. Koma iye adali atatha zaka zoposa zisanu ndi zitatu akupereka masamba aulere. Wopanda omutsatira amabwerako chimanjamanja, ndipo wojambula wa lero amathera maola ambiri pa Instagram, pa makalata ndi pomanga maphukusi, maola amene akadajambulira.

Ku Africa mbiri yake ikuyenda mwake. Comic Republic ya ku Lagos, imene Jide Martin adayambitsa mu 2013, idasankha kupereka mabuku ake ulere pa intaneti. Roye Okupe, wa ku Nigeria koma wokhala ku America, adasonkhanitsa ndalama za E.X.O. pa Kickstarter mu 2015, ndipo mu 2021 adagwirizana ndi kampani ya Dark Horse kuti izisindikiza mabuku ake. Kukhala kwake ku America kudamuthandiza, chifukwa Kickstarter imalola anthu a maiko owerengeka okha kupempha ndalama.

Chipata chimodzi chija nacho chidagwedezeka. Mu March 2020 Diamond idaimitsa kutumiza mabuku chifukwa cha mliri wa Covid-19, ndipo masitolo adakhala milungu yambiri opanda buku latsopano. DC idachoka chaka chomwecho, Marvel mu 2021, Image mu 2023, ndipo mu January 2025 Diamond idapita kukhoti kukalengeza kuti yalephera kubweza ngongole zake. Makampani akuluakulu adali atapeza kale kolowera. Osindikiza ang'onoang'ono, amene adasungitsa mabuku awo m'nyumba zake zosungira katundu kuti azilipidwa akagulidwa, adamva kuti Diamond ikufuna kugulitsa mabukuwo kuti ilipire ngongole, ndipo adakakamizika kulemba maloya kuti akatsimikizire khoti kuti mabukuwo ndi awo.