Mkamwini ankanyamula nkhwangwa yake, nyumba n'kuisiya

Banja likatha masiku ano ku Dwangwa kuno, mkangano umakhala pa malata, njinga yamoto, filiji ndi puloti. Mwamuna amati zonse anagula ndi thukuta lake, ndipo pokana kuthandiza ana amathamangira kunena kuti kwathu kuno ana ndi a kwa amalume awo. Ine amene ndakalambira pa unkhoswe ndimangopukusa mutu, chifukwa mwambo umene akuutchulawo angoudula pakati n'kutolapo mbali yowakomera. Khalani pansi, adzukulu anga, ndikuuzeni mmene makolo ankachitira.

Nzimbe zisanabwere, chigwa chonsechi, kumene mtsinje wa Dwangwa umathira m'nyanja, chinali madambo a mpunga, minda ya chinangwa ndi midzi ya anthu a Mfumu Kanyenda. Mnyamata akapenya mbeta ankatuma amalume ake kukafunsira. Zikatheka, ankhoswe a mbali ziwiri ankapatsana nkhuku, akuchimuna tambala, akuchikazi msoti, ndipo mnyamatayo ankanyamuka kukakhala kwawo kwa mkazi monga mkamwini. Apongozi ankamulozera pomanga nyumba ndi munda woti alime. Munda umenewo sunali wake ngakhale aulime mpaka imvi. Unali wa mbumba ya mkazi, woyang'anira wake ali mlongo wa mkaziyo kapena amalume ake.

Ntchito yoyamba ya mkamwini inali nyumba. Adule mitengo, azike nsichi, amange phaso, afolere udzu, mkazi azire pansi. Mwamuna wogona chaka chonse m'kanyumba kobwereka kwa apongozi ankasekedwa padooko ndi asodzi anzake. Nyumba imeneyo inali ya mkazi ndi ana ake kuchokera tsiku limene moto wayaka pamafuwa.

Ukwati sunkatha ndi ukali wa usiku umodzi ayi. Nkhani inkayamba kwa ankhoswe, iwo n'kuyesa kulumikiza kangapo. Akalephera ankaitengera kubwalo kwa nyakwawa, ndipo kumeneko ankafunsa poyera kuti wolakwa ndani. Mwamuna wothamangitsa mkazi popanda chifukwa ankalipa nkhuku kapena mbuzi. Mkazi wogwidwa ndi chigololo, mlandu unkagwera mwamuna wakubayo. Pomaliza pankaperekedwa chisudzulo pamaso pa mboni, kuti aliyense akhale womasuka kukwatira kapena kukwatiwa kwina.

Tsono kugawana katundu ndiye ndinkakuonerera ndili kamnyamata, nditabisala kuseri kwa nkhokwe. Zonse zinkatulutsidwa panja dzuwa likuswa mtengo, kuti pasakhale wonena kuti china chabisidwa. Ankhoswe ankakhala pamphasa, akuchikazi uku, akuchimuna uko, n'kumaloza chimodzichimodzi. Mtondo, munsi, miphika, mtsuko, lichero, mthiko, chipande ndi mphika wovundikira chinangwa cha kondowole zinkapita kumbali ya mkazi popanda wotsutsa. Nkhwangwa, kasemasema, mkondo, miono, ukonde ndi bulangete lake zinkapita kwa mwamuna. Makasu aliyense ankatenga lake. Mkangano weniweni unkabuka pa nkhokwe, ndipo pamenepo nkhoswe wamkulu sankafunsa kuti analima kwambiri ndani. Ankawerenga pakamwa. Mayi wotsala ndi ana anayi ankatsala ndi nkhokwe, bamboyo n'kumupungulira mpunga wa m'dengu woti akafikire nawo kwawo. Chinangwa chimene chinali chisanazulidwe chinkatsala m'munda momwemo, pakuti munthu sanyamula munda pamutu.

Bwato linkavutako. Linali la mwamuna, inde, koma ngati mtengo wake unadulidwa m'nkhalango ya akuchikazi, alamu ake n'kuthandiza kulikokera kunyanja, akuluakulu ankanena kuti asangolipalasa n'kumapita. Ankakumbutsanso kuti usipa umene bwatolo linkabweretsa ankauyanika ndi mkazi, n'kukausinthanitsa ndi chimanga kumtunda. Ndiye mwamuna ankasiya mbuzi, kapena kulonjeza kuti ana azidzatapa nsomba padooko nthawi iliyonse bwatolo likakocheza. Mawu akuti ntchito ya mkazi ndi chuma sanabwere ndi mabungwe a m'tauni. Agogo anu osadziwa kulemba ankawadziwa.

Nanga ana? Ankatsala ndi mayi wawo, chifukwa mkamwini ali ngati tambala wobwereka, anapiye amatsata thadzi. Koma mverani bwino apa. Amalume ankalera adzukulu awo chifukwa chuma chonse cholerera ana, munda, dimba, dambo la mpunga ndi nyumba, chinali chitatsala m'manja mwa mbumba. Bambo ankachoka atasiya zonse zimene anakhetsera thukuta. Chimenecho ndicho chinali chithandizo chake kwa ana, cholipiriratu. Ngakhale zinali choncho, bambo waulemu ankatumizabe kampango wowamba kapena nsalu, mwana akadwala n'kubwera kudzazonda. Ndipo amene ankasudzula mkazi asanamumangire nyumba ankalamulidwa kubwerera kudzaimanga, ngakhale atakwatira kale kwina.

Sindikunena kuti zonse zinali zokoma. Ndinaona nkhalamba ikupirikitsidwa pamudzi pamene inadzala mango ndi migwalangwa itakula kale, n'kubwerera kwawo ndi kathumba kamodzi, kumene achibale anali ataiwala nkhope yake. Mkazi wotengedwa chitengwa naye ankabwerera kwawo atasiya munda umene anaulima zaka zambiri. Ankhoswe ena ankauza mkazi womenyedwa kuti apirire mpaka atalumala. Zimenezo zinali zoipa kale, n'zoipabe lero.

Kumwera uko ku Nkhotakota, kumene Chisilamu chinakhazikika kuyambira nthawi ya Jumbe, anzathu ankapita kwa shehe. Mwamuna akapereka talaka ankayenera kusamala mkazi miyezi yodikira, ndipo mahari ankakhala a mkaziyo. Komabe pa nkhani ya munda ndi ana ambiri ankatsata za mbumba ngati ife tomwe.

Zinthu zinayamba kusokonekera ndi ulendo wa ku Joni ndi ku Salisbury. Amuna ankapita ndi Wenela, ena n'kutchona osatumiza ngakhale kalata, mkazi n'kumadikira mpaka ankhoswe atamumasula. Obwerera ankafika ndi sutikesi, njinga, wailesi ndi makina osokera, katundu amene makolo analibe pomuika. Kodi makina osokera ndi mtondo kapena ndi nkhwangwa? Makhoti a mafumu, amene atsamunda anawakhazikitsa mu 1933, ankangoti wagula ndiye mwini wake, osafunsa kuti amene ankalima ndi kudyetsa ana zaka zonse bamboyo ali kumigodi anali ndani. Ulendo wa Wenela unaima mu 1974, ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi ambiri ochokera kumigodi, Kamuzu n'kuletsa kulemba anthu. Koma maganizo akuti chogula ndi ndalama n'cha mwamuna anali atamera kale mizu.

Kenaka kunabwera nzimbe. M'zaka za m'ma 1970 midzi inasamutsidwa m'chigwa, fakitale ya shuga ya Lonrho n'kuyamba kugaya mu 1979, ya ethanol n'kutsatira mu 1982, ndipo Illovo inadzatenga fakitale ya shugayo mu 1997. Dwangwa inadzaza ndi anthu a mitundu yonse: Atonga a ku Nkhata Bay, Atumbuka ndi Angoni a ku Mzimba amene amalowola ndipo ana amakhala a kwa bambo, Asena, Alomwe, Ayao. Mnyamata wodula nzimbe ankapeza mtsikana pamsika, n'kulowana popanda nkhoswe ndi mmodzi yemwe. Nyumba inali ya pantchito kapena ya lendi. Munda wa nzimbe wa alimi ang'onoang'ono kawirikawiri unkalembedwa dzina la bambo, ndalama zake n'kumalandira yekha. Banja lotere likatha, mkazi ankatuluka ndi miphika yake monga mwa mwambo, koma kunalibe munda womudikira, kunalibe nkhokwe, ndipo amalume a ana anali kutali, nawonso akuvutika kulipirira ana awoawo sukulu. Mwamuna ankatsala ndi malipiro, nzimbe ndi malata, n'kumanena kuti ana si ake. Kalekale wonena kuti ana ndi a kwa amalume ankachoka manja lendee. Wa lero akufuna kunena mawu omwewo atakhalira chuma chonse. Chimenecho ine ndimachitcha umbava.

Boma linachedwa, koma linafika. Malamulo aakulu a dziko a 1994, pa ndime 24, amati ukwati ukatha mkazi ali ndi ufulu wolandira gawo loyenera la katundu amene anali wa onse awiri, ndiponso chithandizo choyenera, poganizira ana ndi kapezedwe ka mwamunayo. Mu 2010 kunabwera lamulo losamalira ndi kuteteza ana, limene limati kholo lililonse liyenera kudyetsa, kuveka, kuphunzitsa ndi kupezera pogona mwana wake, kaya ukwati ulipo kaya unatha. Khoti lingathe kulamula kuti ndalama za ana zizidulidwa kumalipiro a bambo. Mu 2015 kunabwera lamulo la maukwati, kusudzulana ndi maubale a m'banja. Limeneli limauza khoti kuti pogawa katundu liyang'ane zimene aliyense amapeza, udindo umene wasenza, zaka ndi thanzi lake, komanso zimene anathandiza pabanjapo, kuphatikizapo ntchito zapakhomo. Limavomerezanso ukwati wa anthu amene akhala pamodzi ngati banja zaka zosachepera 5, ngakhale sanapite kwa ankhoswe, kutchalitchi kapena kumzikiti, khoti likaona kuti ndi momwemo. Ndipo za nyumba ija oweruza a makhoti akuluakulu akhala akugamula kuti mwamuna wokwatira mwa chikamwini sathawa udindo womangira mkazi nyumba kwawo chifukwa choti banja latha.

Musaganize kuti khoti limangodula chilichonse pakati. Katundu amene munthu anali naye asanakwatire, kapena amene zikuoneka kuti anali wake yekha, angathe kutsala naye. N'chifukwa chake woweruza amafuna umboni: anaumba njerwa ndani, ankapalira nzimbe ndani, ndalama za geni ya usipa kapena za banki mkhonde zinagula chiyani. Kale mboni inali mudzi wonse. Lero mudzi sudziwa zimene zili m'foni mwa munthu.

Ndiye inu amalume a masiku ano, mlongo wanu akabwera ndi ana kumbuyo, musangomuyalira mphasa n'kumuuza kuti Mulungu aona. Itanani ankhoswe kaye, monga mwa kale. Mwamunayo akakana kumva, mutengeni mlongo wanuyo mupite naye kukhoti la majisitireti ku Nkhunga, mutanyamula makadi a kusikelo a ana, malisiti amene alipo, ndi anthu awiri amene anamuona akusenza njerwa za nyumbayo.