Zikhomo za pa msewu wa ku Cassacatiza

Inu adzukulu mwabadwa phula lili kale pansi, ndiye mumayesa kuti msewu wochokera ku Tete kukafika ku Cassacatiza ndi wachikhalire. Iyayi. Dziko lino la Chifunde linali ndi njira zake galimoto isanabwere, njira zopapatiza zoyenda mondondozana, wamkulu patsogolo, ana pakati. Njirazo sizinkawongoka. Zikafika pa msitu wa manda zinkalambalala. Zikafika pa mtengo wa msolo pamene panali kachisi wothirirapo nsembe ya mvula zinkapatuka, ndipo kufupi ndi dambwe sizinkayandikira n'komwe. Munthu akafuna kuti anzake a m'mbuyo asasochere pa mphambano, ankathyola nthambi yaiwisi n'kuigoneka pa njira yosayenera kulowa, basi, uthenga wafika.

M'njira zimenezo ndimo munkadutsa mitulo yopita ku Mano, kwa Undi, cha ku mtsinje wa Kapoche. Mlenje akapha njovu, mnyanga umene wagunda pansi unali wa mwini dziko, chimodzimodzinso chikopa cha mkango ndi cha kambuku. Mpando wa Undi unasamukira ku Katete m'zaka za m'ma 1930, ndipo n'chifukwa chake mwezi wa Ogasiti mafumu akuno amadutsa pa Cassacatiza ndi pa Chanida kupita ku Mkaika ku mwambo wa Kulamba. Malire anabwera pambuyo, ubale unalipo kale.

Azungu oyamba anayenda m'njira zathu zomwezo. Lacerda ananyamuka ku Tete mu 1798 kupita kwa Kazembe, nakafera komweko. Monteiro ndi Gamitto anatsatira mu 1831, ndipo dzina la Gamitto ndi limene Apwitikizi anadzapatsa Mualadzi, n'kumati Vila Gamito, ngati kuti malowo analibe dzina. Iwowa ankasowa owanyamulira katundu ndi owalozera madooko, choncho ankaima kaye kwa mfumu ndi nsalu m'manja.

Kupempha kunatha pamene boma la Apwitikizi linakhazikika. Kunabwera msonkho, kunabwera chibalo. Bambo anga ankati asipayi ankafika m'mudzi mbandakucha, nyakwawa n'kupereka anthu, amuna ndi akazi omwe, aliyense ndi khasu lake, nkhwangwa yake ndi ufa wake. Ntchito inali kulambula msewu, kuzula zitsa ndi kusenza dothi m'madengu, malipiro osawaona. Wochedwa ankalandira mbalamatodya, thabwa lija la zibowo lomenyera m'manja, mpaka manja kutupa osagwiranso mpini.

Tsono imvani zimene anachita anthu a m'mudzi wa amayi awo a bambo. Mzungu woyeza anakhoma zikhomo molunjika, ndipo mzere wake unaloza pakati pa manda a mudziwo. Akuluakulu anapita kwa kapitawo kukadandaula kuti mmenemo mwagona eni mudzi. Kapitawo anali munthu wakuda ngati ife, ndipo anayankha kuti iye sangasinthe zimene walamula mzungu, koma anawonjezera mawu amodzi, akuti usiku iye amagona tulo tofa nato. Akuluakulu anamva. Usiku uliwonse anyamata ankazula zikhomo zingapo n'kuzisendeza mapazi ochepa chakum'mawa, mawa lake gulu n'kulambula motsata zikhomozo. Pofika pa manda, msewu unali utapinda kale pang'onopang'ono, n'kudutsa m'mbali osakhudza mtengo ndi umodzi womwe. Mzungu pobwera pa machira anangoona msewu wosalala, nayamikira kapitawo. Bambo ankaseka akafika apa, koma ankanenanso kuti midzi ina inalibe mwayi wotero. Kumeneko makasu anafukula mafupa, anthu n'kuwakwiriranso mwakachetechete, opanda mowa, opanda maliro.

Mungafunse kuti mitengo chabe inali ndi ntchito yanji. Pa manda sipadulidwa nkhuni, sipalimidwa, ndipo moto wolusa amautchingira kutali. Choncho mitengo imene inatha kwina imatsala pamenepo, mlombwa, muwanga, mkuyu, pamodzi ndi mankhwala amene asing'anga amakapempha mwaulemu. Ntchito yake yeniyeni tinaiona pa nkhondo. FRELIMO itatsegula nkhondo kuno ku Tete mu 1968, msewu unasanduka wa asilikali, ife tinabwerera m'tinjira ta makolo. Nkhondo yachiwiri, yapachiweniweni ija, ndiye inatibalalitsa, ena ku Ukwimi ku Petauke, ena ku Malawi, msewu utadzaza mabomba okwirira. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992 tinayamba kubwerera, koma midzi tinaipeza ili tchire lokhalokha, nyumba zitapsa, minda itamera mitengo. Chimene chinatiuza kuti kwathu ndi pano chinali msitu wa manda ndi mitengo ya mango. Mikangano ya malo inathera pamenepo, chifukwa munthu ankaloza pamene pagona agogo ake, nyakwawa n'kuvomereza.

Musandimve ngati wodana ndi msewu. Ndinaonapo mayi wapakati atanyamulidwa pa machira usiku, mtsinje utadzaza, ndipo sindifuna wina adzaonenso zotero. Lero msewu wathuwu, wa N9, umanyamula malole a ku Zambia opita ku doko la Beira, pamodzi ndi fodya wathu, chimanga, njinga za makala ndi ana a sukulu, onsewo kulimbirana kamzere kamodzi ka phula. Malole awiri akamapishana, wa njinga amathawira m'ngalande. Kukuza msewuwu n'koyenera, ndiponso misewu yafumbi yolowa m'midzi ikufunika milatho.

Chimene chimandidetsa nkhawa ndi liwiro la makina. Khasu linkapatsa anthu masiku oti aganize, pamene katapila amagwetsa mlambe m'mawa umodzi. Lamulo la malo la mu 1997 limati mamita 30 m'mbali mwa msewu waukulu ndi malo otetezedwa, ndipo mamita 15 m'misewu ing'onoing'ono. Manda ambiri ndi akale kuposa lamulolo, ndipo ena ali m'kati mwa mamita amenewo. Lilipo lamulo lina, la mu 1988, loteteza zinthu zakale za chikhalidwe, koma silingateteze chimene woyeza sanauzidwe. Pamapu a ku ofesi sipalembedwa kachisi kapena dambwe.

Komanso msewu umadya miyala ndi dothi, ndipo zimenezi amazitenga m'mapiri. M'mapanga a ku Chifumbazi muli zojambula zofiira zimene makolo ankati ndi za Akafula, anthu amene Achewa anawapeza m'dziko muno. Mjeremani wina wogula minyanga, Carl Wiese, anakumba m'phanga la kumeneko mu 1907, ndipo mapale a mbiya amene anapeza anachititsa kuti akatswiri atchule dzina la Chifumbazi pofotokoza za anthu oyamba kusula chitsulo m'chigawo chino cha Africa. Ku Chongoni, ku Dedza, zojambula zotere zinalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006. Zathu zambiri zimadziwika ndi abusa a mbuzi okha, ndipo woswa miyala sangazizindikire ngati palibe womulozera.

Tsono oyeza akadzafika ndi zikhomo zawo, inu simudzafunika kuzisendeza usiku. Mudzapite masana, nyakwawa patsogolo, pamodzi ndi amayi akuluakulu, poti iwo ndiwo amadziwa pamene panaikidwa makanda, malo amene amuna sapitako. Mudzayende nawo mzere wonse, muwalozere manda, kachisi, chitsime ndi phanga, zilembedwe papepala makina asanalire. Pamene msewu sungathe kupinda, mafupa asamutsidwe ndi adzukulu a manda, banja lili pomwepo, mowa utaphikidwa. Ndipo mudzafunsiretu kuti maenje otengamo dothi adzakwirira ndani, chifukwa akasiyidwa amadzaza madzi nthawi ya dzinja, ana n'kumakasambiramo.