Cikoti, Sambok ndi Whip: Mbiri ya Mau Owawa

Tsiku lina ndinali ku Matero, ndipo ndinamva mai wina alikuopsa mwana wace kuti, "Ubwere kuno, cikoti cikudikira." Mwanayo anaseka nathawa. Koma ine ndinayamba kulingalira za mau amenewa, pakuti makolo athu sanali kuseka akamva dzina la cikoti.

Ambiri ayesa kuti cikoti ndi mau a Cinyanja ceni-ceni. Iai, ndi mlendo. Anacokera ku Cipwitikizi, kumene amati chicote, ndipo anakwera mtsinje wa Zambezi pamodzi ndi eni minda a ku Tete ndi asilikali ao Acikunda, kufikira ku Zumbo ndi ku Feira, kumene lero tikuti Luangwa. Ku Congo, m'masiku a mfumu Leopold, mau omwewo anasanduka chicotte, ndipo anthu osawerengeka analemala nawo pa nchito ya mpira. Mau athu-athu ndiwo mkwapulo, ocokera ku kukwapula, ndipo mkwapulo ukhoza kukhala kamtengo cabe. Cikoti cinali cina: cikopa ca mvuu, codulidwa motalika, couma ndi copotedwa. Ndico cifukwa cace Aswahili amacicha kiboko, ndilo dzina la mvuu yomwe.

Amene anapita ku Joni anabwera ndi mau ena, sambok. Awa anayenda ulendo wautali koposa: kucokera ku Persia kunka kwa Amalaya, ndipo Adachi anawatengera ku Cape, dziko la akapolo masiku amenewo. Apolisi a ku South Africa anaugwiritsa nchito pobalalitsa anthu kufikira 1989.

Nanga Angelezi? Mau ao ndi whip. Poyamba, zaka zoposa 600 zapitazo, anatanthauza kuyenda kapena kugwedezeka mofulumira, ndipo ali pacibale ndi wippen wa Adachi. Ali ndi anzace, monga lash ndi cane, koma whip yekha ndiye analowa m'nyumba ya malamulo. Olemera a ku Mangalande posaka nkhandwe anali ndi munthu wochedwa whipper-in, wobweza agalu osokera. M'zaka za m'ma 1700 aphungu a ku London anabwereka dzinalo, nalipatsa munthu woonetsetsa kuti anzace a cipani abwera kudzaponya voti. Kotero Chief Whip amene mumamva ku Manda Hill alibe cikoti m'manja, ngakhale ena anganene kuti lilime lace limawawa cimodzimodzi.

Kuno kwathu cikoti cinali ca boma ndi ca kapitao. Taganizani za J. E. Stephenson, amene anatsegula boma la Ndola mu 1904. Anthu anamucha Chirupula, kunena womenya, ndipo iye sanacite nalo manyazi: analemba buku la moyo wace ndi dzina lomwelo. Kwa ine ici ndi comvetsa cisoni koposa zonse, kuti kukwapula munthu wamkulu, mwini banja, kunali cinthu conyadira.

Ufulu wa 1964 sunacotse ndodo m'mabwalo a milandu. Inakhalabe kufikira 1999, pamene Bwalo Lalikulu, pa mlandu wa John Banda, linagamula kuti cilango cokwapula cimanyoza umunthu ndipo cimatsutsana ndi malamulo akulu a dziko. Aphungu anacicotsa m'malamulo a zilango mu 2003, ndipo lamulo la maphunziro la 2011 linaciletsa m'masukulu. Ine ndinapeza ndodo ikali m'kalasi, ndipo mphunzitsi wathu wa masamu anali kutituma tokha kukathyola. Lamulo la ana la 2022 linabwereza kuletsa kulanga mwana ndi mkwapulo. Mai uja wa ku Matero ndinamuuza zimenezi, anandiyang'ana nati, "Inu a wailesi, mulibe ana kodi?"