Ulalo wa pa Tay ndi mlandu wa Sabata

Tsiku lija tinawerenga za nsanja ya ku Siloamu, imene inagwa nipha anthu 18 (Luka 13), mkulu wina wa mpingo anandiimika pakhomo, nandifunsa ngati ngozi siiri ndodo ya Mulungu yolangira ocimwa. Ndinalonjeza kumyankha m'kalata muno, ndipo ndidzatero ndi mbiri ya mzinda wa Dundee ku Scotland, dziko lija kunacokera aphunzitsi oyamba a ku Livingstonia ndi ku Blantyre.

Dundee ali pa gombe la kumpoto la mtsinje wa Tay, pamene mtsinjewo utambasuka kwambiri polowa m'nyanja yamcere. M'caka ca 1878 anatsegula pamenepo ulalo wa njanje, utali wace pafupi mamailo awiri. Iwo amene anaona ulalo wa pa Zambezi, pakati pa Sena ndi Mutarara, adzazindikira ukulu wace, pakuti wa pa Zambezi uuposa pang'ono cabe. Pakati pa mtsinje njanje inakwezeka mapazi 88 pamwamba pa madzi, kuti zombo zipite pansi pace. Mfumu yaikazi Victoria inaolokapo m'mwezi wa June, 1879, nilemekeza mmisiri wace, Thomas Bouch, ndi dzina la Sir.

Pa 28 December caka comweco, tsiku la Sabata, kunauka namondwe woopsa, ndipo mphepo inaomba ulalo m'nthiti. Itangopitirira 7 koloko madzulo, sitima yocokera ku Burntisland inafika pa kanyumba ka mlonda ku tsidya la kumwera, nilandira cilolezo, nilowa. Munthu wina amene anali m'kanyumbamo anapenyerera nyali zace zirikupita. Anaona mbaliwali za moto pa mikombero, pambuyo pace kung'anima, ndipo pomwepo mdima wokhawokha. Mlonda anayesa kuitana anzace a ku tsidya lija pa lamya, koma panalibe woyankha. Ku mbali ya Dundee, kapitao wa mainjini, James Roberts, anakwawa ndi manja ndi maondo pa njanje m'mphepo ija, kufikira anafika pamene ulalo unathera m'malere. Zigawo 13 za pakati zinagwera m'madzi pamodzi ndi sitima, ndipo sanapulumuke ndi mmodzi yemwe. Masiku aja anayesa kuti akufa anali 75. Amene adziwika maina ao ali 59, ndipo mitembo imene inapezeka ndi 46.

Tsono anthu anafunsa funso lomwelo la mkulu wathu. Abusa ena anayankha msanga, ndipo womveka mwa iwo anali Dr James Begg wa mpingo wa Free Church, womwewo umene unatuma Livingstonia zaka zinai m'mbuyo mwace. Iye analalikira kuti Mulungu anakantha sitima cifukwa ca kuyenda pa Sabata. Sindifuna kumnyoza, pakuti anakonda tsiku la Ambuye, ndipo inenso ndilikonda. Koma ndiyesa kuti analankhula asanamve mboni, cinthu cimene ngakhale nyakwawa ya pamudzi sicita pa bwalo lace.

Pakuti bwalo linakhaladi, la amuna atatu, wa pampando Henry Rothery, ndipo linaitana amisiri, oumba zitsulo ndi oyendetsa sitima. Zimene zinaululika nzocititsa manyazi. Mizati ya ulalo inali ya citsulo cosungunula cothira m'zikombole, coumbidwa pa Wormit pafupi pomwepo. Mizati ina inatuluka yocindikala mbali imodzi ndi yopyapyala mbali inzace, ina inali ndi maenje. Ndipo anchito anatseka maenjewo ndi phala la phula, mwaye ndi fumbi la citsulo, kuti diso la woyang'anira lisaone. Makutu a citsulo, ogwira mipiringidzo yomanga mzati ndi unzace, anali ofooka, nathyoka. Munthu amene anaikidwa kusunga ulalo, Henry Noble, anali wodziwa nchito ya njerwa, wosati ya zitsulo. Pakumva mipiringidzo irikugwedera, iye anakhomeramo tizidutswa ta citsulo kuti phokoso lileke, osauza Bouch. Phokoso linalekadi, koma nthenda inatsala. Ndipo Bouch mwini, polemba ulalo wace, sanawerengere mokwanira mphamvu ya mphepo. Rothery anaweruza kuti ulalo unalinganizidwa moipa, unamangidwa moipa, ndi kusungidwanso moipa, nasenzetsa Bouch mlandu waukulu.

Taonani, abale: maenje aja anatsekedwa ndi phula pa masiku a nchito, dzuwa liri poyera, ndi anthu olandira malipiro ao. Ngati tifuna cimo m'nkhani iyi, liripo ndithu, koma siliri pa anyamata ndi anamwali amene analikubwerera ku nchito zao atacezera abale, kapena pa ana amene anali m'ngolo zija. Namondwe yemweyo akadafika Lolemba, akadapeza mizati yomweyo.

Bouch anamwalira m'mwezi wa October, 1880, caka cisanathe, wosweka mtima. Ndipo ulalo wina umene anayamba pa mtsinje wa Forth anauleka, nchitoyo niperekedwa kwa ena. Injini ya sitima ija anaivuula m'madzi, naikonza, ndipo inakokanso ngolo kufikira 1919. Ulalo watsopano wa pa Tay unatsegulidwa m'caka ca 1887 pambali pa wakale, ndipo woolokapo aona zitsa za mizati yakale zirikuturukira m'madzi, mzere umodzi kufikira tsidya.

Cimene cindidabwitsa ine nca maina. Dzina la Bouch linalembedwa m'mabuku ambiri, koma akufa aja anakhala zaka 134 opanda mwala wa cikumbutso wa iwo onse pamodzi. Pa 28 December, 2013, anthu a ku Dundee ndi a ku Fife anaimika miyala pa magombe onse awiri a mtsinje, nalembapo maina 59.