Mliri, nchito ya kutali ndi nthambo

Anthu a ku Angonia anaidziwa kale nchito ya kutali. M'caka ca 1913 boma la Apwitikizi linapangana ndi boma la Rhodesia kuti amuna a m'cigawo ca Tete azitengedwa kukagwira nchito kumeneko. Ena ananyamuka okha cifukwa ca msonkho. Ena anagwidwa cibalo natumizidwa ku minda ya nzimbe kumunsi kwa Zambezi. Mwamuna akacoka, khasu lake linatsala m'manja mwa mkazi.

Masiku amenewo uthenga unayenda ndi miyendo. Ndalama zinabwera ndi mnzake wobwerera kumudzi, ndipo nthawi zina sizinafike. Kalata ikafika, mai anapita nayo kwa mphunzitsi wa ku misyoni, monga ku Lifidzi, kuti awawerengere. Motero za m'nyumba zinayamba kumveka kwa munthu wapadera.

Matenda naonso anayenda njira yomweyo. Mu Seputembala 1918 zombo ziwiri zinafika ku Cape Town ndi anthu akuda ocokera ku nkhondo ya ku Ulaya. Anthuwo anakwera sitima za pamtunda kupita kwao, ndipo fuluwenza inakwera nao. M'masabata 6 okha anthu ngati 300,000 anafa ku South Africa. Mliri unatsata njanji mpaka ku Rhodesia. M'makomboni a migodi anthu anagona mothithikana, ndipo anafa ambiri. Otsala anathawa kulunjika kwao, osadziwa kuti asenza matenda pamodzi ndi mtolo. Caka cisanathe mliri unali utafika ku Nyasaland, kwa abale athu a kutsidya kwa malire.

Patapita zaka zoposa 100 kunabwera mliri wina, Covid-19. Wodwala woyamba m'dziko lathu analengezedwa ku Maputo pa 22 Malici 2020. M'mawa mwake masukulu onse anatsekedwa. Kuyambira pa 1 Epulo boma linaika malamulo a nthawi ya ngozi. Nyumba za mapemphero zinatsekedwa. Pa maliro sanalole anthu opitirira 20, cinthu cowawa kwambiri kwa ife amene timalira mudzi wonse.

Pamenepo tinamva pa wailesi mau acilendo: "gwirani nchito muli kunyumba." Anthu a m'maofesi ku Maputo ndi ku maiko ena anakhala pansi m'nyumba zao, nalemba ndi kucita misonkhano pa kompyuta. Thupi liri pakhomo, nchito ikufika kutali. Makolo athu anayenda masabata kuti akaipeze nchito. Awa nchito inawatsata kucipinda.

Koma anzanga, ndani anapalirapo mbatatesi pa foni? Mlimi wa ku Domwe anapitabe kudimba. Mai wogulitsa nyemba pa msika wa Ulongwe anamanga kansalu pakamwa ndi pamphuno, nakhala pa malo ake monga kale. Ana anauzidwa kuti aphunzire pa wailesi ndi pa kanema. Mwana wa m'nyumba yopanda magetsi anakaweta mbuzi.

Kuti munthu agwire nchito ali kunyumba, pafunika magetsi, nsanja ya foni ndi nthambo. Zinthu izi sizimera zokha. Alipo amene amasankha kumene zipite. Taonani damu la Cahora Bassa, m'cigawo cathu comwe cino. Atsamunda analimaliza mu 1974. Nthambo zake zazikulu anazikoka makilomita ngati 1,400 mpaka kufupi ndi Johannesburg. Zinadutsa pamwamba pa midzi, ndipo midziyo inatsala mu mdima. Sikuti anaiwala ai. Anazikonza motero dala, cifukwa wogula anali kumeneko.

Nkhani ya foni inayenda mosiyanako. Mu 2012 kampani ya Movitel inayamba nchito, niimika nsanja m'madera akumidzi amene ena anawalambalala. M-Pesa inayamba m'dziko lathu mu 2013, ndipo e-Mola inabwera pambuyo pake. Mliri utafika, mwana wogwira nchito ku Tete kapena ku Beira anatumiza ndalama kwa amai ake osakwera basi. Ndalama inafika, matenda anatsala. Mu 1918 izi sizikanatheka. Kwa miyezi ingapo ya 2020 kutumizirana ndalama zocepa kunali kopanda malipiro, mwa lamulo la Banco de Moçambique.

Ine ndiyesa kuti nzeru yaikulu ya amisiri amene anakonza njira imeneyi iri apa: sanafune foni yodula. Kafoni ka mabatani kamakwana. Sipafunika intaneti. Munthu amadina manambala ocepa, foni imafunsa funso limodzi, iye amayankha ndi nambala imodzi, kenaka funso lina. Batire la kafoni kotere limakhala masiku angapo, ndipo kasola kakang'ono kamalidzaza. Anayamba aganizira munthu wa ndalama zocepa, wokhala kumene neteweki ndi yofooka. Cinthu cokonzedwa motero cimathandiza wa m'tauni ndi wa kumudzi yemwe. Koma cokonzera wa m'tauni yekha, monga misonkhano ya pa kompyuta ija, sicifika kwa ife.

Pali cimodzi cimene amisiriwo sanacimalize. Mafunso a m'foni sali m'Cinyanja. Amabwera m'Cipwitikizi: levantar, ndiko kutapa ndalama, saldo, ndizo ndalama zotsala. Mai amene sadziwa kuwerenga amapereka foni yao kwa mnyamata wa pa msika kuti awadinire. Amamuuza ngakhale nambala yao ya cinsinsi. Mnyamatayo amadziwa ndalama zimene mwana wao watumiza iwo eni asanadziwe, monga mphunzitsi wa ku misyoni anayamba kudziwa za m'kalata.