Kusankha njinga yamoto yoyendera maulendo ataliatali komanso yokwera pocheza ku Angónia

Mabanja ambiri a ku Ulongwe, Dómuè ndi Tsangano amagula njinga yamoto imodzi yokha, imene ambiri amaitchula kuti mota, ndipo ndalama zake zimakhala za fodya, mbatata yakachewere kapena soya wa chaka chonse. Njingayo imanyamula feteleza kupita naye kumunda, imathamangitsira wodwala kuchipatala, imapita ku Tete kapena kudutsa malire ku Calómuè kulowa ku Dedza. Lamlungu mnyamata wapakhomo amaibwereka kupita nayo kumpira kapena kukaona anzake. Palibe njinga yochita zonsezi bwinobwino, choncho wogula amayamba waganizira msewu umene adzayendamo kawirikawiri.

Kukula kwa injini

Dera la Angónia ndi lokwera, ndipo malo ambiri ali pa mamita opitirira 1,200 kuchokera pamene pali nyanja yamchere. Kumtunda mpweya umachepa, ndiye injini siikoka monga imakokera ku Tete: pa mamita 300 aliwonse okwera imataya pafupifupi magawo atatu pa 100 alionse a mphamvu zake. N'chifukwa chake kanjinga ka 50cc, ngati timitundu ta Lifo, kamathamanga bwino m'tauni koma kamafooka pachitunda kakanyamula anthu awiri ndi thumba.

Njinga za 125cc mpaka 150cc ndizo zimakwanira ntchito zonse ziwiri. Pagulu limeneli pali Bajaj Boxer, TVS HLX, Honda Ace ndi zina za ku China monga Lifan ndi Haojue. Boxer ya 150 ili ndi thanki ya malita 11, mpando wautali wosapindika ndi chitsulo chomangirapo katundu kumbuyo. Ulendo wa ku Tete, womwe ndi wa makilomita opitirira 200 kudzera msewu wa N304 mpaka pa Mussacama kenako N7, njinga yotere imautha osathiranso petulo panjira ngati injini ili bwino. Koma kutsetserekera kuchigwa cha Zambezi mu Okutobala ndi Novembala ndi kulowa m'kutentha kopitirira madigiri 40. Injini za njingazi zimazizira ndi mphepo basi, motero woyendetsa amaima n'kuipumitsa, ndipo oyilo ayenera kukhala watsopano asananyamuke.

Njinga zazitali za m'tchire

Achinyamata ambiri maso awo amakhala pa njinga zazitali monga Honda XL kapena XR ndi Yamaha DT. Zili ndi tayala lalikulu kutsogolo, mashoki aatali, ndipo mimba yake siigunda pansi m'mikwasa ya ngolo ndi malole. M'misewu yafumbi yolowera kumidzi, makamaka kuyambira Disembala mpaka Malichi pamene dothi lofiira limaterera ngati sopo, palibe yoziposa. Kukwera kwake kumakomanso.

Vuto lili pa ulendo wautali. Mpando wake ndi wopyapyala, wokwezedwa kumbuyo amatopa msanga, ndipo malo omangirapo thumba ndi ochepa. DT ndi injini yofuna oyilo wapadera wopsa limodzi ndi petulo, ndipo imamwa kwambiri kuposa zinzake. Yamaha AG200, imene mabungwe ambiri amagulira alangizi azaulimi ndi azaumoyo, ndiyo imayandikira kukwaniritsa mbali zonse ziwiri: tcheni chake n'chophimbidwa kuti matope asalowe, ndipo ili ndi pomangira katundu kutsogolo ndi kumbuyo komwe. Mtengo wake ndiwo umabweza anthu.

Banja limene maulendo ake ambiri ndi a patala lingachite bwino kugula Boxer kapena HLX, n'kuikako matayala a zibulumwa nyengo ya mvula ikayandikira. Zimenezi n'zotchipa kuposa kugula njinga yaitali yongoyenera masabata ochepa pachaka.

Zoyang'ana musanalipire

Malimu a masipoko ndi abwino kuposa oumba, chifukwa akapindika pa dzenje makaniko amawawongola, pamene oumba akang'aluka amangotayidwa. Njinga ikhale ndi kiki yolizira ndi phazi. M'mawa wa Juni ndi Julaye ku Angónia kumazizira zedi, ndipo batire lofooka silidzutsa injini. Petulo wogula m'mabotolo m'mbali mwa msewu nthawi zina amakhala ndi zinyalala, ndiye kasefa kakang'ono ka papaipi ya petulo kamateteza kabuleta.

Chachikulu koposa ndi zipangizo zosinthira. Wogula wanzeru amayamba wazungulira kwa amakaniko a ku Ulongwe, kapena kutsidya ku Dedza ndi ku Lizulu, n'kufunsa kuti tcheni, sipoketi, mapuleti a kilachi ndi mabuleki a mtundu umenewo amapezeka tsiku lomwelo kapena ayi. Njinga yokongola imene pisitoni yake iyenera kuchokera ku Maputo imatha mwezi wathunthu itatsamira khoma, mbatata ikuwolera kumunda.

Mapepala ndi malire

Lamulo la pamsewu la Mozambique la mchaka cha 2011 limafuna kuti woyendetsa ndi wokwezedwa avale chipewa chodzitetezera kumutu. Njinga yopitirira 50cc imafuna chiphaso choyendetsera chochokera ku INATRO: gulu la A1 limalekeza pa 125cc, ndipo yoposa pamenepo imafuna gulu la A. Zimenezi n'zoyenera kuziganizira posankha pakati pa 125 ndi 150.

Pogula njinga yakale, nambala ya pafelemu ndi ya painjini zifanane ndi zolembedwa mu livrete, ndipo wogulitsa akhale mwini wake wolembedwa m'mapepalamo. Njinga zobedwa zimawoloka malire mbali zonse ziwiri, ndipo wopezeka nayo amataya njinga ndi ndalama zomwe. Yogulidwa ku Malawi iyenera kulipiridwa msonkho ku Alfândega isanalembetsedwe.

Wopita kukacheza ku Malawi kudzera pa Calómuè, Biri-Biri kapena Zóbuè amatenga chilolezo cholowetsera njinga kwa kanthawi ku ofesi ya msonkho ya MRA, komanso amagula inshuwalansi yogwira ntchito m'dzikolo. M'maiko onse awiri magalimoto amayenda kumanzere kwa msewu.