Sukulu Zopanda Makoma: Mbiri ya Kuphunzira Gule ku Salima

Anthu ambiri amakhulupirira kuti Mmalawi amabadwa akudziwa kale kuvina. Amati ng'oma ikangolira, mwendo umadziwa wokha koponda. Mawu amenewa amakoma kuwamva, koma ine amene ndinakulira m'mbali mwa nyanja m'boma la Salima sindiwavomereza. Gule aliyense amachita kuphunzira, ndipo pamene pali kuphunzira pamakhalanso mphunzitsi, malamulo, nthawi yotsegulira, nthawi yotsekera ndi tsiku la mayeso. Masiku ano achinyamata ena amapita kusukulu yaukachenjede kukaphunzira zisudzo, nyimbo ndi magule, pamene ena amalowa maphunziro a masiku owerengeka aja timawatcha wekishopu. M'nkhani ino ndikufuna kulondola mmene maphunziro a gule ayendera kuno kunyanja, kuchokera pabwalo la mfumu kufikira m'kalasi, kuti tione chimene tapindula ndi chimene tatsala pang'ono kutaya.

Tiyambe ndi nyengo, pakuti kale nyengo ndiyo inkaimba belu la sukulu. M'dzinja munalibe maphunziro a gule. Anthu ankakhala ali kalikiliki ndi khasu, ndipo pofika mwezi wa February nkhokwe zambiri zinkakhala zili mbee. Munthu wanjala savina. Koma dzinthu zikalowa m'mudzi, mphepo ya mwera n'kuyamba kuomba kuchokera kummwera, asodzi ankakhala masiku angapo osalowa m'madzi, akusoka maukonde pagombe. Apa ndi pamene ng'oma zinkatsitsidwa kutsindwi n'kuyamba kuwambidwa pamoto. Kuyambira m'masika kufikira mvula yoyamba, madzulo alionse a mwezi wowala anali nthawi ya kalasi. Izi sizodabwitsa kwa anthu a kuno. Pachilumba cha Mbenje, m'dera la mfumu Makanjira, mfumu imatseka usodzi mu December n'kudzautsegula mu April kuti nsomba ziswane. Anthu odziwa kuti nsomba ili ndi nyengo yake sakanalephera kudziwa kuti gule nayenso ali ndi yake.

Sukulu yakale kuposa zonse ndi ya dambwe ndi tsimba. Dera lino lili pafupi ndi Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka, kumene kunali likulu la ufumu wa Kalonga wa Amaravi, ndipo dzina la Kalonga likadalipo pakati pa mafumu a ku Salima. Za kudambwe sizikambidwa pagulu, ndipo ine sindiziulula. Koma zimene aliyense amaona pabwalo ndi zokwanira kutsimikiza kuti pali maphunziro ozama. Woimba mbalule sayang'ana kumwamba ayi, maso ake amakhala pa miyendo ya chilombo, ndipo ng'oma yake imayankhula chimene mwendo wachita. Mnyamata safika pa mbalule tsiku limodzi. Amayamba ndi kuimba zitini ndi anzake kuseri kwa nyumba, kenaka amapatsidwa ntchito yosonkha moto wowambira ng'oma, pambuyo pake amamulola kugwira mpanje, mpaka akuluakulu atakhutira naye. Atsikana nawo ankaphunzira kwa anamkungwi nyimbo, kaombedwe ka m'manja ndi kavinidwe ka chinamwali, ndipo tsiku lotuluka mudzi wonse unkaona ngati namkungwi wagwira ntchito kapena ayi.

Ayao atafika m'dera lino m'zaka za m'ma 1800, anabwera ndi sukulu zawo: jando la anyamata, nsondo wa atsikana, manganje ovinidwa anamwali akamatuluka, komanso sikiri ya Asilamu. Motero kalekale, mwana wa m'mbali mwa nyanja ankatha kumva mitundu itatu kapena inayi ya ng'oma usiku umodzi, iliyonse ndi mwambo wake.

Sukulu yachiwiri inabwera ndi nkhondo. Katswiri wa mbiri yakale, Terence Ranger, m'buku lake la m'chaka cha 1975 lonena za beni, anaonetsa kuti guleyu anayambira m'matauni a Aswahili a m'mbali mwa nyanja yamchere, monga Lamu ndi Mombasa, m'zaka za m'ma 1890. Achinyamata a kumeneko ankatengera mabandi a asilikali a Azungu, ndipo dzina lakuti beni linachokera ku liwu la Chingerezi lotanthauza bandi. Pankhondo ya 1914 mpaka 1918, amuna ambiri a ku Nyasaland analowa usilikali wa King's African Rifles, ndipo ochuluka koposa anatengedwa kukhala amtengatenga onyamula katundu ku East Africa. Amene anapulumuka anabwerako ndi zipsera, komanso ndi gule. Pakati pa Ayao anakhalabe beni, kwa Atonga ndi kumpoto anasanduka malipenga, ndipo pakati pa Achewa anakhazikika monga mganda. Salima, pokhala pamphambano, analandira beni ndi mganda yemwe.

Ndikamaganiza za boma la mganda limene ndinkaliona ndili mwana, ndimaona kuti linali sukulu yeniyeni. Gulu lenilenilo linkatchedwa boma, ndipo linali ndi maudindo otengera boma la atsamunda: panali mtsogoleri amene ena ankamutcha kingi, panali woyang'anira mizere, panalinso dokotala woyendera ovina ngati ali aukhondo. Wochedwa pokonzekera ankalipira chindapusa. Wophunzira watsopano ankaikidwa mzere wakumbuyo, kumene fumbi limathera, ndipo ankasunthira kutsogolo pang'onopang'ono malinga ndi luso lake. Ankayenera kudziwa kupanga badza lake kuchokera ku chipanda, kuliimba mogwirizana ndi anzake, ndi kuponya mwendo popanda kudetsa sitokoni. Kabudula ndi malaya oyera ankazisita ndi simbi yamakala. Mayeso anali mpikisano: boma la mudzi wina linkaitanidwa kudzagona masiku awiri kapena atatu, eni mudzi n'kuliphikira nsima ya usipa kapena nyama ya mbuzi, ndipo oweruza anali anthu onse oonerera. Boma likagonja, mudzi unkachita manyazi mpaka chaka chinacho. Amayi nawo anali ndi magulu awo a chimtali, ndi nyimbo zopeka okha zodzudzula mwamuna waulesi kapena mpongozi wamkamwa.

Pamenepa pali phunziro limene ambiri timaliiwala. Mganda umene lero timautcha gule wa makolo unali gule wachilendo pamene agogo athu anali anyamata. Paja amati mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa. Ngakhale gule wamkulu sanatseke maso ake kwa alendo: Simoni wofiira uja, Maliya, ndi Galimoto ndi umboni wakuti dambwe linkaona zachilendo, kuziseka ndi kuzisandutsa zake. Njanji itafika ku Salima m'chaka cha 1935, amuna opita ku Salisbury ndi ku Johannesburg ankabwerako ndi magalamafoni, ndipo achinyamata anaphunzira jaivi ndi sinjonjo pamchenga womwewo umene ankavinapo mganda. Pambuyo pake kunabwera rumba ndi kwasakwasa wa ku Zaire. Choncho amene amaopa kuti magule achilendo apha athu sakuidziwa bwino mbiri ya nyanja ino. Gombe lino lakhala likulandira alendo kuyambira kale.

Chimene chinasinthadi zinthu ndi ndale. Kuchokera m'chaka cha 1964 kufikira 1994, m'nthawi ya ulamuliro wa Dr. Hastings Kamuzu Banda, gule anakhala ntchito ya chipani. Amayi a mbumba ankasonkhanitsidwa kuti akonzekere, ndipo ankanyamulidwa pamalole kukavina pa 6 July, pa 14 May, ngakhalenso pamene Ngwazi inkayendera mbewu m'minda, pakati pa dzinja penipeni. Belu linachoka m'manja mwa nyengo n'kupita m'manja mwa wapampando wa chipani. Gule amene kumudzi ankatenga usiku wonse anafupikitsidwa kukhala wa mphindi zochepa, ndipo nyimbo zodzudzula zinasanduka zotamanda. Komabe tisabise zabwino zake. Pamisonkhano imeneyi ndi pa wailesi ya MBC, munthu wa ku Salima anadziwa ingoma ya ku Mzimba, tchopa cha ku Thyolo ndi Mulanje, ndi vimbuza vya ku Rumphi. M'chaka cha 1987 boma linakhazikitsa gulu la Kwacha Cultural Troupe, limene ovina ake ankaphunzira magule a mitundu yonse ya m'dziko muno ngati ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku.

Sukulu yaukachenjede inafika mochedwa pa nkhani imeneyi. Yunivesite ya Malawi inayamba kuphunzitsa m'chaka cha 1965 ku Blantyre, ndipo Chancellor College inasamukira ku Zomba m'chaka cha 1973. M'zaka za m'ma 1970 gulu la zisudzo loyendayenda la pakolejiyi linkachita masewero ambiri m'Chingerezi. Zinthu zinatembenuka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980, pamene nthambi yophunzitsa zaluso, nyimbo ndi zisudzo inakhazikitsidwa, ndipo aphunzitsi monga David Kerr ndi Christopher Kamlongera anayamba kutengera ophunzira awo kumidzi. Ku Mbalachanda m'boma la Mzimba m'chaka cha 1981, ndiponso m'midzi yozungulira Liwonde kuyambira m'chaka cha 1985, ophunzira anapeza kuti sewero lopanda nyimbo ndi gule wa eni mudzi silikoka anthu. M'chaka cha 1992 Kamlongera, pamodzi ndi Mike Nambote, Boston Soko ndi Enoch Timpunza Mvula, anatulutsa buku lotchedwa Kubvina, lofotokoza magule ndi zisudzo za m'Malawi. Kuyambira 2014 kuli yunivesite ina ku Thyolo, ya MUST, imene ili ndi sukulu ya zachikhalidwe, ndipo m'chaka cha 2021 Chancellor College inatenga dzina la Yunivesite ya Malawi payokha.

Ntchito ya akachenjedewa siyochepa. Analemba zimene kale zinkangokhala m'mitu ya anthu, anajambula nyimbo za okalamba asanamwalire, ndipo anaphunzitsa achinyamata kufananitsa gule wa kwawo ndi wa kwina popanda kunyoza. Kafukufuku wotere anathandiza kuti bungwe la UNESCO lizindikire gule wamkulu ndi vimbuza m'chaka cha 2005 monga chuma cha anthu a dziko lonse lapansi, n'kudzawonjezera tchopa m'chaka cha 2014. Kufupi ndi kwathu kuno, ku Mua m'boma la Dedza, Bambo Claude Boucher Chisale anayambitsa malo a Kungoni m'chaka cha 1976, kumene alendo ndi eni dziko akhala akuphunzira miyambo ndi magule a Achewa, Ayao ndi Angoni.

Ulamuliro wa zipani zambiri utabwera m'chaka cha 1994, kunabuka sukulu yamtundu wina, ya wekishopu. Popeza Salima ali pamtunda wa makilomita pafupifupi 100 okha kuchokera ku Lilongwe, mahotela a ku Senga Bay anasanduka makalasi a mabungwe. Magulu a achinyamata ankaphunzitsidwa kuika uthenga wa Edzi, wa chisankho kapena wosamala chilengedwe m'magule. Zikondwerero zazikulu nazo zinafika: Lake of Stars inachitikira ku Senga Bay m'chaka cha 2008 ndi kubweranso ku Salima m'chaka cha 2018, ndipo Sand Music Festival ya malemu Lucius Banda inachitikira pagombe lomweli kangapo. Ana a asodzi anaona ndi maso awo kavinidwe ka ku South Africa, ku Congo ndi ku America, ndipo lero amakaphunzira pa foni za m'manja.

Ndinaonererapo maphunziro amtunduwu pamalo ena ogona alendo kunyanja kuno. Anali a masiku atatu. Tsiku loyamba anaphunzira beni ndi mganda, lachiwiri chimtali ndi ingoma, lachitatu magule amakono. Mphunzitsi anali mnyamata wa digiri, waulemu ndi wodziwa ntchito yake, ndipo ankawerengera ophunzira masitepe kuyambira 1 mpaka 8. Ng'oma inkaimbidwa ndi bambo wina wachikulire amene anatengedwa kumudzi wapafupi. Mnyamata uja akasokonezeka, ankacheukira kwa iwo n'kufunsa kuti, “Bambo, kodi apa mwendo umabwerera bwanji?” Iwo ankadzuka, kuonetsa kamodzi, n'kukhalanso pansi. Pamapeto ophunzira analandira masatifiketi ndi alawansi. Bambo aja anapatsidwa ndalama ya kabaza, ndipo dzina lawo silinalembedwe pena paliponse.

Apa ndi pamene pagona nkhawa yanga. Masitepe angathe kuphunziridwa m'masiku atatu, koma boma la mganda linkaphunzitsanso kusunga nthawi, kumvera mnzako, kupeka nyimbo pa zimene zachitika m'mudzi chaka chimenecho, ndi kulandira alendo amene abwera kudzakugonjetsa. Zimenezi zimafuna nyengo yathunthu ndi mudzi woonerera umene umadziwa kusiyanitsa wovina ndi wongodumpha. Mlendo wa pahotela amaombera m'manja chilichonse, pamene gogo wa kumudzi amakuseka ukaphonya sitepe, ndipo kuseka kwakeko ndiko kumakunola. Achinyamata akamavinira alendo okha, gule amakhalabe wokongola m'maso, koma sakhalanso ndi womuwongola.

Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, choncho sindikufuna kuti ana athu atsekeredwe pabwalo la kwawo. Apite ku Zomba ndi ku Thyolo, aphunzire magule a mitundu yonse, abwere ndi madigiri. Pempho langa ndi lakuti sukulu zaukachenjede zizikumbukira kuti pa nkhani ya gule izo ndi mng'ono, ndipo mkulu wake ali kumudzi. Zitumize ophunzira kuno m'miyezi ya July, August ndi September, pamene mwera ukuomba ndipo maboma akukonzekera mipikisano, kuti adzakhale m'mudzi n'kuyambira mzere wakumbuyo monga wina aliyense. Akamalemba mabuku awo, atchule maina a oimba ng'oma ndi anamkungwi amene anawaphunzitsa, ndipo awalipire malipiro a mphunzitsi. Ambiri mwa aphunzitsi amenewa ndi okalamba tsopano, ndipo chaka chilichonse timaika m'manda ena mwa iwo pamodzi ndi nyimbo zimene palibe anazilemba.